M'kati mwa Chigwiriro cha Lupanga la ku Burma

Kodi inu mukuganiza kuti m'kati mwa chigwiriro cha lupanga lakale la Ajapani, momwe diso la munthu silinafikemo kwa zaka makumi asanu ndi atatu, mungapezeke chiyani? Yambani kulingalira, chifukwa funso lomweli ndi limene linautsa mkangano m'nyumba ya a Zangaphee ku Govanhill, mumzinda wa Glasgow ku Ulaya.

"Kanayi sabata imodzi!" Rodgers anaimika zala zinayi pamaso pa mkazi wake. "Kanayi, Kettie. Munthu wamkulu ngati uja kukwera basi yekha mpaka ku Shawlands, n'kukaima pa zenera la shopu ya eni ake ngati akudikira sitima. Lero mayi mwini shopuyo waimba foni. Mawa adzaimba ndi apolisi."

"Tsitsani mawu, bambo ali kuchipinda," anatero Kettie. Ankaduladula anyezi ndi kampeni kakale ka chigwiriro chakuda, atatsamira kabati chifukwa mapazi anali atatupa. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo anali atangoweruka kuchipatala komwe ankagwira ntchito ya unamwino. "Mayiyo wanena kuti bambo aphwanya kanthu?"

"Ayi. Wangofunsa ngati ali bwinobwino. Akuti amamuuza kuti lupanga lili pa zeneralo ndi la atate awo. Lupanga la ku Japan, Kettie! Agogo anu ankasula makasu ku Malosa. Mjapani anakumana naye kuti, pamsika wa Songani?"

"Anapita kunkhondo. Zimenezo kwathu aliyense amadziwa."

Rodgers anatulutsa pepala m'thumba la malaya. "Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba. Zinthu izi ndimaziona tsiku ndi tsiku, ndipo zimayamba chonchi. Taonani, ndalemba. Choyamba, ketulo anaiiwala pamoto. Chachiwiri, Lamulungu anakuitanani ndi dzina la malemu mayi anu. Chachitatu, makiyi m'firiji."

"Makiyi aja munaikamo ndinu, pamodzi ndi mkaka."

Rodgers anayang'ana pepala lija kanthawi, kenako n'kufufuta mzere umodzi. "Chabwino. Koma chachinayi ndi lupanga, ndipo chimenechi chikulemera kuposa zonse. Ndalankhula ndi mayi wa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Abwera ndi fomu Lachisanu la sabata yachitatu. Kuntchito kwathu chipinda chimodzi chikhala chopanda munthu mwezi wamawa. Ndizidzawaona tsiku lililonse. Komanso mwana akabadwa tidzamugoneka kuti? M'bafa?"

"Ndiye nkhani ndi ya chipinda."

"Nkhani ndi ya moyo wawo."

"Mwayambira pa moyo, koma mwathera pa chipinda."

"Nyumba za ku Glasgow zili ndi miyala kunja kokha," anamveka mawu pakhomo. "M'katimu ndi pepala lokhalokha."

Anali bambo Ephraim Zangaphee eni ake, atavala jekete ndi tayi monga ankachitira tsiku lililonse chipumireni ntchito yokankha mabedi a odwala kuchipatala. Nyumbayo inali yawo. Anakhalamo ndi malemu akazi awo zaka makumi awiri, ndipo Rodgers anachita kulowamo atakwatira Kettie.

"Akamwini, musaime ngati mwagwidwa ndi nkhuku ya eni. Khalani pansi. Ngati mukufuna kundisamutsa, yambani mwandipangira tiyi. Ketulo muiyang'anire nokha, ine paja ndimaiwala."

Rodgers anatereka madzi. Nkhalamba ija inakhala pampando wake wa pafupi ndi zenera.

"Atate anga, a Ndapile Zangaphee, anali msilikali wa Keyala, gulu lankhondo la atsamunda. Anawatenga ku Zomba, n'kuwakweza sitima ya pamadzi mpaka kukafika ku Burma. M'chaka cha 1944, m'chigwa china cha matope ndi malungo, anakumana maso ndi maso ndi mkulu wa asilikali a ku Japan. Zimene zinachitika pamenepo sankakonda kuzinena. Ankangoti, 'Iye anatsala, ine ndinabwera.' Lupanga la munthuyo anakhala nalo masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kaputeni wawo, Bwana Rennie, anati msilikali wakuda saloledwa kusunga chinthu chotere, n'kulitenga. Atate anabwera kumudzi ndi jasi, nsapato ndi chifuwa chosatha."

"Malupanga otere alipo zikwizikwi, bambo," anatero Rodgers mofatsa.

"Alipodi. Koma pa zenera paja pali kakhadi, ndipo maso anga akadali bwino, simunawalembe pa pepala lanulo. Kakuti lupanga ili analanda ndi manja ake Kaputeni Rennie, ku Burma, 1944. Ndi manja ake! Munthu amene atate ankamusenzera bafa la chinsalu pamutu!"

"Mwina munayamba mwawerenga kakhadiko, kenako mutu n'kukalumikiza ndi nkhani zakale. Zimachitika, bambo. Si zochititsa manyazi."

Bambo Zangaphee anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe Kettie, dzina la Rennie sunalimvepo pakamwa panga?"

Kettie anaika kampeni pansi. Anafufuza m'mutu mwake, koma chimene anapeza ndi chithunzi cha bambo ake akulankhula patebulo, iye maso ali pa foni. "Munkanena za nkhondo, bambo. Koma maina... sindinkamvetsera."

"Eya," anatero mkulu uja, akulandira kapu ya tiyi. "Nkhalamba ikamalankhula mumaiyesa wailesi. Ikadzafuna mboni, ndiye mumati yasokonezeka."

Lachitatu la sabata yotsatira Kettie sanapite kuntchito, choncho anakwera basi ya ku Shawlands kuti akapepese. Shopuyo inali yopanikizika pakati pa malo omwera khofi ndi malo ometera, yodzaza ndi mawotchi, mendulo ndi mbale za anthu omwe anamwalira kalekale. Mwini wake, mayi Janet, anali mzungu wamfupi wa imvi, magalasi akulendewera pachifuwa. Atangoona mimba ya Kettie anamukokera mpando asanamufunse n'komwe dzina.

"Kupepesa chiyani, mwanawe? Bambo ako ndi munthu waulemu kuposa onse amene amalowa muno. Amavulira chipewa ngakhale mphaka wanga. Ine ndinaimba chifukwa tsiku lija kunali mvula, ndipo anaima panjapo ola lathunthu osafuna kulowa."

Anatenga lupanga lija pa zenera n'kuligoneka pa nsalu. Chimake chinali chachitsulo, chopakidwa utoto wofiirira, chokhala ndi timaluwa ta mkuwa. Chigwiriro chinali chokulungidwa ndi chingwe cholukana, ndipo kumapeto kwake kunkalendewera mphonje yothetheka.

"Kunjaku kumanena zambiri," anatero mayi Janet. "Timaluwati ndi kapangidwe ka chimakechi zikusonyeza kuti ndi la asilikali a pamtunda, la nthawi ya nkhondo yachiwiri. Mphonje iyi, yofiirira mbali ina, yabuluu mbali ina, inali ya akuluakulu a m'munsi, monga kaputeni. Koma dzina la amene analisula silili kunja. Ajapani amalilemba pa mchira wa chitsulo umene umalowa m'chigwiriro. Mbali ina dzina, mbali ina chaka."

"Ndiye simunalitsekule?"

"Bambo ako amandiuza zomwezo tsiku lililonse: tsekulani, tsekulani. Koma si langa. Mdzukulu wa Kaputeni Rennie anangondisiyira kuti ndimugulitsire, ndipo kakhadiko ndinakopera zimene banja lawo limanena. Kwinaku pali vuto. Taona apa." Analoza kabowo pakati pa zingwe zija. "Chigwiriro chimagwidwa ndi kachikhomo kamodzi ka nsungwi. Ukakakankha kamatuluka mosavuta. Zaka makumi atatu ndili pantchito imeneyi, koma sindinaonepo chotere. Aka si ka nsungwi. Ndi ka mkuwa, kokhomedwa mbali zonse ziwiri. Alipo anachita zimenezi, ndipo sanali Mjapani. Ndikaumiriza n'kung'amba chigwiriro, ndidzamuyankha chiyani mwini wake?"

Kettie anakayang'anitsitsa kachikhomo kaja. Kanali kakang'ono ngati njere ya mapira, kobisika pansi pa chingwe. Munthu woima kunja kwa zenera sakanakaona.

"Mungamupemphe mwini wakeyo chilolezo?"

"Ndiyesa. Amakhala kutali ku Inverness, ndipo makalata amayankha ngati akuchokera kumwezi."

Loweruka masana Rodgers anayala nyuzipepala pansi m'khitchini n'kukhazika apongozi ake pampando. Chikwatireni, ndiye ankawameta Loweruka lililonse lachiwiri, ndipo mkangano sunasinthe zimenezo. Kettie anakhala pambali akusankha nyemba. Za ulendo wa ku Shawlands anali atauza mwamuna wake yekha.

"Bambo," anayamba ngati akungocheza, "agogo anakhala nalo masiku asanu lupangalo. Ankatani nalo?"

"Ankatani? Iwe, munthu anali wosula zitsulo! Wosula akagwira chitsulo cha mnzake sagona mpaka ataona mchira wake. Khasu, nkhwangwa, mpeni, luso lonse limaonekera pamene chitsulo chimalowa mu mtengo. Anachotsa chigwiriro tsiku loyamba lomwelo. Akuti ataona zolemba zija anadziwa kuti ili ndi dzina la wosula mnzawo, ngakhale sankatha kuwerenga ngakhale Chinyanja chomwe. Ankati, 'Munthu uja ankadziwa moto.' Akamwini, khutu limenelo ndikulifunabe."

"Pepani, bambo. Musagwedezeke."

"Ndiye sajeni wina anawanong'oneza kuti bwana wamva za lupanga lija. Atate anati, ngati akulitenga, alitenge ndi dzanja langa lili m'kati. Ananola msomali n'kudinda chizindikiro chawo pa mchirapo, chomwe ankaika pa chilichonse chotuluka m'chipala chawo. Pobwezera chigwiriro, kachikhomo ka nsungwi kanagwera m'matope. Anakafuna mpaka dzuwa kulowa. Mapeto ake anadula mkuwa wa chipolopolo chogwiritsidwa kale ntchito, n'kusula kena. Ankaseka akamanena zimenezi. Ankati bwana uja akhoza kuzula mpaka mano kuguluka, salitsekula."

Nyemba zinagwa m'manja mwa Kettie. Anayang'ana mwamuna wake. Makina ometera anali atasiya kulira.

"Mayi uja anakuonetsani kachikhomoko?" anafunsa Rodgers.

"Sindinaligwirepo lupangalo. Ndimaliona pagalasi."

"Kapena anakuuzani inu n'kuiwala kuti anakuuzani."

"A Rodgers!" anakalipa Kettie.

"Ndikungofunsa! Nanga chizindikirocho n'chotani, bambo?"

"Sindikuuzani. Ndikanena, mudzati ndinakanyengerera mzungu uja kuti akachijambulepo usiku. Mudzachiona ndi maso anu." Anatambasula dzanja n'kutola kampeni ka chigwiriro chakuda kamene kanali pa sinki. "Aka anasula ndi atate, chaka chimene ine ndinayamba sukulu. Mayi ako anadulira ndiwo, iwe ukudulira ndiwo. Chigwiriro chake sichinachokepo. Tidzapita nako."

Kettie ananyamuka kukayankha foni kuchipinda, amuna awiri aja n'kutsala okha. Rodgers anapitiriza kumeta pang'onopang'ono m'mbali mwa khosi.

"Bambo, musandione ngati munthu woipa. Chaka chatha kuntchito kwathu anabweretsa mkulu wina. Ana ake ankati palibe vuto, amangokonda kuyenda. Anamupeza m'paki m'chisanu choopsa cha mwezi wa Januwale, atavala malaya okha, akufunafuna nyumba imene inagwetsedwa kalekale. Zala ziwiri zinafa ndi chisanu, anachita kudula. Ine ndikamva kuti mwaima pamvula ola lathunthu, ndimaona munthu ameneyo."

"Ndipo mukaona chipinda changa mumaona kabedi ka mwana."

Rodgers anatsitsa makina ometera. "Nakonso ndimakaona," anavomera.

"Mwachita bwino kunena zoona. N'chifukwa chake ndinakupatsani mwana wanga, ngakhale kuimba kwanu m'kwaya kumandidwalitsa mutu." Mkulu uja anadziyang'ana pa kagalasi kamene Rodgers anawagwirira. "Kuiwala ndimaiwaladi. Ketulo ndinaiwala. Kettie akatembenuka chammbali amafanana ndi mayi ake, ndiye lilime limatsogola. Koma kodi nkhalamba ikaiwala ketulo ndiye kuti zonse zimene ikudziwa zasanduka bodza? Anthu inu mumatisamalira bwino matupi, kutimeta, kutipatsa mapiritsi. Koma mawu athu mumawalemba pa pepala la matenda. Atate analandidwa lupanga chifukwa mawu a munthu wakuda sankawerengedwa. Ine ndilandidwe nyumba chifukwa mawu a nkhalamba sawerengedwa?"

"Palibe akukulandani, bambo."

"Tipangane chonchi. Akalitsekula n'kupeza kuti mulibe kanthu, ndiye kuti mutu wanga wayambadi kupeka zinthu. Fomu yanuyo ndidzasaina ndekha, sutikesi ndidzalongedza ndekha. Simudzamva dandaulo."

"Nanga chikapezeka?"

"Mudzanditsukira mbale mwezi wathunthu. Ndipo mwana adzagona m'chipinda changa, kumiyendo kwanga. Nkhalamba sitigona kwambiri, ndizidzamuimbira. Bola asadzatengere mawu anu."

Kettie atamva za panganolo anakwiya ndi onse awiri. "Nyumba si mpira woti muzibetcherana! Nanga ngati dzimbiri linadya chizindikirocho? Nanga ngati kaputeniyo anali ndi malupanga awiri? Zaka makumi asanu ndi atatu, bambo!"

"Ndanena, ndanena," anatero bambo ake, akukutumula tsitsi pa jekete.

Masiku anapita, ku Inverness kuli zii. Bambo Zangaphee analeka kupita ku Shawlands. Ankakhala pa zenera lawo kuyang'ana ana a Asilovaki, anansi awo, akusewera mpira mumsewu, ndipo tsiku lina Kettie anapeza sutikesi yawo yakale itatsitsidwa pamwamba pa wadiropu, itapukutidwa fumbi. Anakalowa m'bafa n'kutsekula mpopi kuti asamveke kulira. Rodgers naye anaiona sutikesi ija. Madzulo amenewo anadya pang'ono.

Mayi Janet anaimba Lachitatu, kutatsala masiku awiri kuti mayi wa fomu abwere. Mwini lupanga anali atavomera.

Lachinayi m'mawa onse atatu anakwera basi. Bambo Zangaphee anavala suti yawo ya mgonero, kampeni atakakulunga bwinobwino m'nyuzipepala n'kukaika pansi pa chikwama cha Kettie. Rodgers anali atasinthana shifiti ndi mnzake, ndipo pepala lake lija linkasuzumira m'thumba la malaya.

Mayi Janet anatembenuza chikwangwani cha pachitseko kuti anthu asalowe. Patebulo anali atayala nsalu, kanyundo, tizitsulo tokankhira, galasi lokuzira zinthu ndi buku lonenepa lothothoka masamba.

"Tisanayambe, bambo Zangaphee, ndinene poyera. Chilichonse chimene tipeze, ine ndilibe mphamvu yokupatsani lupangali."

"Ndani wakuuzani kuti ndikulifuna? M'nyumba mwanga mukubwera mwana. Ndiike lupanga pafupi ndi mdzukulu? Komanso mwini wake weniweni anatsala m'matope muja, ndipo nayenso kwawo anali ndi omulira. Ine ndikufuna kakhadi kaja kokha. Kanene zoona."

"Kakhadi ndimalemba ndine," anatero mayi Janet. "Tikapeza umboni, kasintha lero lomwe, ndipo mwini wake ndimuuza chifukwa chake."

Anapala mutu wa kachikhomo kaja mosamala ndi katupa kakang'ono, kenako anakakankha ndi kachitsulo, akugogoda pang'onopang'ono. Panatenga mphindi khumi. Kettie anagwira mkono wa mwamuna wake osadziwa kuti waugwira. Kenako kachikhomo kanagwera pa nsalu. Mayi Janet anakaika pansi pa galasi.

"Mkuwa wopindidwa n'kusulidwa," anatero. "Wopyapyala ngati wa chipolopolo."

Rodgers anakayang'anitsitsa kachikhomoko.

Koma chigwiriro chinakana kutuluka. Mayi Janet anakoka, anagwedeza, osatheka. "Chamamatira. Sindikufuna kuchimenya ndi nyundo."

"Patseni kuno," anatero bambo Zangaphee. "Khasu likakanirira mu mpini sumenya khasulo."

Anavula jekete n'kupatsira mkamwini wawo. Anagwira lupanga lija ndi dzanja lamanzere kumapeto kwa chigwiriro, nsonga italoza kudenga, kutali ndi anthu. Kenako anamenya mkono wawo womwewo ndi nkhonya ya dzanja lamanja. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu kunamveka kaphokoso kakang'ono, chitsulo n'kusuntha.

Mayi Janet anavula magalasi. "Ajapani amachita chimodzimodzi. Anakuphunzitsani ndani?"

"Ndinakulira pa mvukuto, mayi."

Mchira wa lupanga unatuluka wakuda bii ndi dzimbiri lakale. Kettie, amene kwawo mphika wosawala unali chamanyazi, anali atatsegula kale chikwama. "Ndabweretsa sitiliwulu. Ndingopukutapo pang'ono kuti zioneke bwino."

"Ayi!" anakuwa mayi Janet ndi bambo Zangaphee nthawi imodzi, wina m'Chingerezi, wina m'Chichewa.

"Mwanawe, dzimbiri limeneli ndilo limanena zaka za lupanga," anatero mayi Janet, dzanja lili pamtima. "Ukalichotsa waliwononga."

"Uyu angakweche ngakhale mwezi atawufikira," anatero bambo ake, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu onse anaseka.

Mayi Janet anayatsa nyale n'kupendeketsa chitsulo chija. Zilembo za Chijapani zinaoneka zitatsika mumzere, zodindidwa ndi tchizulo. Anatsegula buku lake n'kuyamba kuyendetsa chala, akufananitsa chilembo chimodzichimodzi.

"Pamwamba pomwe pali kachidindo kakang'ono. Aka ndi ka ku Seki, tawuni ya osula imene inkapangira asilikali malupanga ambiri nthawi ya nkhondo. Ndiye kuti si lupanga la makolo akalekale ayi, ndi la nkhondo yomweyi. M'munsimu ndi dzina. Zilembo ziwiri izi zikuti Kanemasa, chachitatuchi chikuti 'anapanga'."

"Kanemasa," anabwereza bambo Zangaphee pang'onopang'ono, ngati akupereka moni. "Ndiye ameneyo amene ankadziwa moto."

"Koma mbali ino palibenso china," anatero mayi Janet motsitsa mawu.

Mawotchi a m'shopu ankangogunda, iliyonse nthawi yakeyake. Kettie anayang'ana bambo ake. Rodgers naye anawayang'ana. Anasendera pafupi n'kuika dzanja lake paphewa la apongozi ake.

"Bambo, pangano lija tilisiye. Kaya chilipo, kaya palibe, simupita kulikonse. Kachikhomo kaja kandikwanira."

"Chotsani dzanja, akamwini, mukundikwinyira malaya. Mwamuna sathawa pangano lake. Kettie, kampeni kaja."

Anakamasula m'nyuzipepala, n'kugogoda kumapeto kwa chigwiriro chake m'mphepete mwa tebulo. Mtengo wakale uja unang'aluka pakati.

"Kampeni kanga!" anadandaula Kettie.

"Ndikusemera chigwiriro china. Mayi, tembenuzani."

Mayi Janet anatembenuza lupanga lija. "Mbali ino ndi ya chaka. Chaka cha khumi ndi zisanu ndi zitatu cha ufumu wa mfumu yawo ya nthawiyo, ndiye kuti 1943. Mwezi wachisanu. Ndipo m'munsi mwake..." Anabweretsa nyale pafupi, n'kuyang'ananso ndi galasi. "Ichi m'buku mwanga mulibe."

Bambo Zangaphee anagoneka mchira wa kampeni pambali pa mchira wa lupanga. Iwo sanawerame n'komwe. Anatenga galasi m'manja mwa mayi Janet n'kupatsa mkamwini wawo.

"Inu ndinu a maso abwino. Tiuzeni."

Rodgers anawerama. Anayang'ana lupanga, anayang'ana kampeni, n'kuyang'ananso lupanga. Ataweramuka, maso ake anali atanyowa. Anasolola pepala lija m'thumba, n'kuling'amba pakati, n'kuling'ambanso, zidutswa n'kuziika m'thumba la thalauza. Kenako, pakati pa mawotchi ndi mbale za azungu, ananjuta n'kuwomba m'manja mwaulemu monga amachitira mkamwini kumudzi.

"Bambo, ndinakulakwirani. Mundikhululukire."

"Dzukani, mugwetsa katundu wa eni. Mbale muyambe lero, ndipo mapoto ali m'gulu la mbale."

Mayi Janet anali atatenga kale kakhadi katsopano ndi cholembera. "Dzina la atate anu, bambo Zangaphee. Munditchulire pang'onopang'ono."

Apo ndi pamene Kettie anatola galasi lija kuti aone yekha. Pa mchira wa lupanga, pansi pa chaka chimene analemba Kanemasa wa ku Seki, panali timizere titatu tokumana pamodzi ndi kamodzi kakafupi kumbuyo kwake, todindidwa ndi msomali. Pa mchira wa kampeni kamene ankadulira anyezi panalinso timizere tomweto. Linali phazi la nkhanga, chizindikiro cha Ndapile Zangaphee, wosula makasu wa ku Malosa.